Misika ya m'misewu ya London m'nthawi ya Mfumukazi Victoria

Pamene Mfumukazi Victoria inkalamulira Britain, kuyambira 1837 mpaka 1901, mzinda wa London unakula mofulumira zedi. Pofika 1851 unali kale ndi anthu oposa mamiliyoni awiri. Mabanja ambiri osauka ankapanikizana m'cipinda cimodzi copanda posungira cakudya, motero ankagula pang'onopang'ono, za tsiku lomwelo. Amene ankawafikitsira cakudyaco ndi ogulitsa a m'misewu, ochedwa costermongers m'Cingerezi.

Nchito yawo inkayamba kusanace. A ndiwo zamasamba ndi zipatso ankakapikula ku Covent Garden, a nsomba ku Billingsgate, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Akatero ena ankakankha ngolo yamanja, ena kutsogoza bulu, ena kusenza dengu pamutu, uku akuitanira malonda msewu ndi msewu. Kwa ambiri ngoloyo inali yobwereka molipira, ndipo mpamba womwe unali wa katapila. Mvula ikagwa masiku angapo, ogula osatuluka, nsomba zinkaola ngongole ili pomwepo.

Msika unkafika pacimake Loweruka usiku, pakuti anchito ankalandira malipiro madzulo a tsikulo. Mumsewu wa New Cut, ku Lambeth, nyali zinkayaka mpaka usiku kwambiri, amayi akunenerera mtengo wa ndiwo za Lamulungu.

Zambiri za moyo umenewu timazidziwa cifukwa ca mtolankhani Henry Mayhew. Iye anayamba kulemba za osauka m'nyuzipepala ya Morning Chronicle mu 1849, ndipo mu 1851 anatulutsa London Labour and the London Poor. Anayerekeza kuti ogulitsawo analipo pafupifupi 30,000. Mwa amene anaceza nawo munali kamtsikana ka zaka 8, kamene kankalawirira kumsika wa Farringdon m'nyengo yozizira kukagula masamba a m'madzi okagulitsa. Tisaiwale kuti ku England lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu linadza mu 1880.

Cimene cimandikopa ine monga mphunzitsi n'cakuti Mayhew anayesetsa kulemba mawu a anthuwa m'mene ankawayankhulira, osawakonza kuti afanane ndi Cingerezi ca ophunzira. Ogulitsawo analinso ndi ciyankhulo cawo cobisa, cotembenuza mawu: penny inkasanduka yenep, kuti wogula kapena wapolisi asamve. Ameneyu ndi munthu amene mwina sanali kudziwa kulemba dzina lake, koma ankatha kuphwanya mawu m'mutu ndi kuwamanganso cobwerera m'mbuyo.

Akuluakulu a mzinda ankawaona ngati otsekereza njira. Lamulo la misewu la 1867 linaletsa kuika katundu pamsewu. Ogulitsa anadandaula kwambiri, ndipo linasinthidwa caka comweco cisanathe.

Nchito: muli awiriawiri, konzani phunziro la kuwerenga la mphindi 45 pa ndime yaciwiri. Sankhani mawu atatu amene ana anu angawadziwe kale kucokera kumsika wa kwawo, ndipo fotokozani m'mene mungayambire pa mawuwo musanachule dzina la London.