Mafunso ndi Mayankho: Metronome ndi Liwiro la Nyimbo

Muulutsi: Lero tili ndi aphunzitsi a zoimbaimba. Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Mbizo, ku Kwekwe. Akuti: "Ndimaimba gitala ya bezi m'bandi ya sungura. Anzanga amati ndimathamanga, ndipeze metronome. Kodi n'chiyani chimenechi, ndipo chindithandiza bwanji?"

Mphunzitsi: Zikomo achimwene, anzanuwo akufunirani zabwino. Metronome ndi kachipangizo kamene kamagunda mofanana, kosafulumira, kosachedwa. Mukakaika pa 60 kamagunda kamodzi pa sekondi iliyonse, pa 120 kawiri. Kakale kanali ka mtengo, kokhala ndi kandodo kogwedezeka, ndipo manambala ake amayambira pa 40 kulekeza pa 208. Anakonza kagwiridwe kake ndi Dietrich Winkel wa ku Amsterdam, koma amene anakalembetsa m'dzina lake mu 1815 ndi Johann Maelzel. Pofika 1817, Beethoven anali atayamba kuika manambala amenewa pa nyimbo zake. Lero simufunika kugula. Mapulogalamu aulere alipo a pafoni.

Tsono chitani izi. Tengani kachigawo kamene kamakuvutani, muike metronome pa 60, muimbe mpaka chala chanu ndi kugundako zizigwera pamodzi. Zikagwera pamodzi ndithu, kugundako kumakhala ngati kwasowa m'khutu. Mukakhoza kangapo motsatizana, onjezani ndi 4 yokha. Mukayamba kuphonya, bwererani m'mbuyo. Munthu amathamanga pamene zala zikuopa, amafuna adutsepo msanga, komatu kuthamanga sikufika. Inu muli kwawo kwa malemu a Tongai Moyo, amene anatisiya mu 2011. Mvetserani bandi yawo ya Utakataka Express, mvetseraninso bezi ya a Alick Macheso, omwe bambo awo anali ochokera ku Malawi. Zala zimayenda mofulumira zedi, koma phazi la wovina silisochera, chifukwa pansi pa nyimboyo liwiro ndi limodzi.

Muulutsi: Yachiwiri yachokera kwa amayi otsogolera kwaya ku Torwood, ku Redcliff. Akuti: "Ife vuto lathu ndi kukoka. Timayamba bwino, koma pofika ndime yachitatu nyimbo yalemera. Kodi tiziimba ndi metronome m'tchalitchi?"

Mphunzitsi: Ayi amayi, m'tchalitchi musalowe nayo. Malo ake ndi pokonzekera. Kwaya imakoka pa zifukwa ziwiri kawirikawiri. Choyamba ndi mpweya: oimba amatalikitsa liwu lomaliza la mzere, kenaka n'kupuma mochedwa, ndiye mzere uliwonse umaba kanthawi pang'ono. Aphunzitseni kudula liwu lomalizalo msanga kuti mpweya ulowe kugunda kotsatira kusanafike. Chachiwiri ndi kudikirana: aliyense amafuna amve mnzake kaye asanatsegule pakamwa. Maso akhale pa dzanja lanu.

Yesani chonchi. Pezani nambala yoyenera nyimboyo, muilembe m'buku lanu. Oimbawo aombe m'manja motsatira kugundako, kenaka anene mawu a nyimbo osaimba, pomaliza aimbe. Mukatero zimitsani, aimbe ndime zonse okha, ndipo akangomaliza muyatsenso. Pamenepo aliyense adzimvera yekha kuti atsika motani, popanda kulozana chala.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya agogo a ku Maglas, ku Zvishavane, amene anagwira ntchito pa mgodi wa Shabanie. Akuti: "Makolo athu anabwera ndi ng'oma kuchokera ku Malawi, ndipo sitinaphunzire ndi makina. Mdzukulu wanga akuyeserera ng'oma ndi foni. Kodi sizipha mwambo?"

Mphunzitsi: Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ndikuilemekeza. Ng'oma za gule wamkulu ndi beni zafika mpaka lero m'makomboni a Shabanie, m'migodi ya chrome ku Shurugwi ndi ku mgodi wa Globe and Phoenix chifukwa ana ankakhala pafupi ndi akulu n'kumamvetsera. Foni singalowe m'malo mwa zimenezo. Pa bwalo, woimba ng'oma ya mbalule amayang'ana mapazi a gule. Gule akasintha, nayenso amasintha. Liwiro likamakwera pamene gule wakolera, sikulakwitsa ayi, ndi mmene ziyenera kukhalira, ndipo metronome siidziwa kanthu za zimenezo.

Koma taganizirani woimba ng'oma ya mpanje. Ntchito yake ndi kugwira nyimbo kuti mbalule ipeze poyankhulira. Iye akagwedezeka, onse abalalika. Mwana amene akuyeserera yekha pakhomo, popanda omuombera m'manja, kachipangizoka kamamuuza zoona ngati dzanja layamba kutopa n'kumatsalira. Chimodzi chokha achenjere nacho: ng'oma zathu zambiri zimagawa kugunda kumodzi patatu, pamene nyimbo zambiri za pawailesi zimagawa pawiri kapena panayi. Aike kugunda kopanda zokometsera, kofanana ndi kuomba m'manja kwa amayi, ndipo zapakatizo azidzaze monga mwamuphunzitsira inu.

Choncho musamulande foniyo, agogo. Ayeserere nayo pang'ono tsiku lililonse, kenaka aizimitse, abwere adzaimbe pamaso panu. Makinawo angamuuze kuti wafulumira kapena wachedwa basi. Zoti ng'omayo ikuyankhula bwino, angamuuze ndinu.

Muulutsi: Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo munene tawuni yanu ndi chida chimene mumaimba. Sabata yamawa tidzayankha makalata okhudza kuchuna gitala.