Kulamula mkono wa chidole: phunziro la chilankhulo

Kwathu ku Malingunde, mwana akapanga galimoto ya mawaya amaiyendetsa ndi ndodo. Kodi chidole chingayende pongochilembera mawu? Yankho tikulipeza pa Commodore 64, kompyuta ya m'nyumba imene inatuluka mu 1982.

Kumbuyo kwa kompyutayi kuli khomo lokhala ndi mawaya 8 odutsamo uthenga. Pakhomoli anthu ankalumikizapo mkono wa chidole wokhala ndi timamota paphewa, pachigongono ndi pazala. Malamulo ake ankalembedwa m'chilankhulo cha BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anayambitsa mu 1964.

Choyamba timalemba POKE 56579,255. Apa tauza kompyuta kuti mawaya onse 8 azitulutsa uthenga. Kenako POKE 56577,1 amayatsa waya woyamba, phewa n'kuyamba kukwera. Tikaika 2 m'malo mwa 1 tayatsa wachiwiri, 4 wachitatu, pomwe 0 amazimitsa onse. Koma chenjerani: mphamvu ya mawayawa njochepa, ndipo mukalumikiza mota mwachindunji mupsereza kompyuta. Pakati pamafunika transistor, relay ndi mabatire apadera.

Kwa ife ophunzira chilankhulo, phunziro lagona apa. Mwana timamuuza kuti "tola", wamkulu "tolani", ndipo agogo akangoti "kunjaku kwada", tonse timadziwa kuti tilowe m'nyumba. Makina sadziwa ulemu kapena kuphiphiritsa. Mukaiwala 0, motayo izingozungulirabe mpaka magiya kuwonongeka. Munthu amamva zimene mukutanthauza, koma makina amachita zokhazo zimene mwalemba.