Kodi zionetsero zabata zimaphula kanthu?

Funso: A Loya, gulu lathu la amayi likukonza zionetsero zabata, koma ena akuti popanda kugenda miyala akuluakulu samva. Kodi bata limaphula kanthu? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Limaphula mayi, koma limafuna kupirira. Ku America amayi ankaima ndi zikwangwani pa White House, ena n'kumangidwa, mpaka anapeza ufulu wovota mu 1920. Komabe amayi akuda a m'zigawo zakumwera anapitiriza kutsekerezedwa. Mu Malichi 1965 apolisi anamenya anthu opanda zida omwe ankachita zionetsero ku Selma, dziko likuonerera pa wailesi yakanema, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho lamulo loteteza mavoti a anthu akuda linasainidwa. Aliyense anadzionera yekha wankhanza. Inu mukaponya mwala umodzi, anthu amaiwala dandaulo lanu n'kumakamba za mwalawo.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limakulolani kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Lemberani a DC kalata kudakali maola osachepera 48, sankhani anthu osungitsa bata pagulu lanu, ndipo dandaulo lanu lilembedwe papepala. Wina akamangidwa kapena kumenyedwa, pezani loya tsiku lomwelo.