Mphepo Yofunda Pakati pa Cisanu

Tsiku lina m'phunziro la Jiyogalafe aphunzitsi athu anatifunsa kuti, "Kodi kukafunda pakati pa nyengo yacisanu, anthu akondwe kapena aope?" Tonse tinayankha pamodzi kuti akondwe, pakuti ndani wa ife sadziwa kuwawa kwa madzi osamba m'mamawa mwezi wa June? Iwo anangoseka, natiuza kuti tikafufuze tokha. Zimene ndinapeza ndazilemba pano kuti anzanga a m'makalasi ena awerenge, makamaka iwo amene mayeso ali pafupi.

Ndiyambe ndi kwathu kuno. Dziko la Kasungu ndi lathyathyathya, ndipo lili pamwamba koposa mamita 1,000 kucokera pa nyanja yamcere. Mvula imagwa kuyambira November kufikira April. Ikatha kumadza cisanu, cimene cimakula mu June ndi July. Ciperoni, cimene dzina lace linacokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, cimanyowetsa Thyolo ndi Mulanje, koma pofika kuno cimakhala citatha mphamvu, timangoona mitambo ndi kamphepo kolasa. Cipale cofewa, cimene ena amati sinowo, sicigwa kuno konse.

Komabe ine ndinayenera kuyankha mwanzeru koposa anzanga, cifukwa ndinaonapo kanthu ndi maso anga. Caka cimene ndinali mu Sitandade 8, fodya wathu wa bale anali asanathe kusankhidwa, wina anali akali m'cigafa. Pakati pa June kunafunda masiku atatu, kotero kuti tinkagona opanda bulangete. Ife ana tinakondwa, koma atate anayang'ana kumwamba nati, "Mwanawe, cisanu sicithawa cabe. Kuli kanthu m'mbuyo mwacemu." Usiku wacitatu mphepo inasasula udzu wa cigafa, mvula nitsata pambuyo. Siinagwe nthawi yaitali ai. Koma fodya wouma amamwa madzi ngati thonje. Masamba ambiri anada, ena anacita cuku, ndipo mabelo amene tinatumiza ku msika wa Chinkhoma anacepa ndi awiri. Fizi yanga ya Fomu 1 inacokera ku mbuzi za amai.

Ngati kamvula ka ola limodzi kanatiliza cotere, nanga kumaiko kumene madzi amakhala ataunjikana pansi miyezi yathunthu? Kumbukirani kuti kumpoto kwa dziko lapansi cisanu cimakula mu January, pamene ife tiri kalikiliki kupalira. Kumeneko mvula ya nyengo yacisanu imagwa ngati cipale, ndipo siyenda kunka kumtsinje. Imangokhala pamene yagwera. Cipale catsopano cokuya masentimita 10 cikasungunuka cimapereka madzi okuya ngati sentimita imodzi.

Citsanzo cimene ndinaciwerenga kwambiri ndi ca kum'mawa kwa Amereka m'caka ca 1996. Kuyambira pa 6 kufikira pa 8 January kunagwa cipale coopsya, ndipo mumzinda wa Philadelphia cinakuya masentimita 78. Patapita masiku khumi, pa 18 ndi 19 January, kunaomba mphepo yamphamvu yocokera kummwera, yofunda ndi yacinyontho. Kutentha kunakwera kupitirira madigiri 10, mvula yamphamvu nigwa, ndipo cipale cambiri cinatha m'tsiku limodzi. Mtsinje wa Susquehanna unasefukira. Pa 20 January zibenthu za madzi oundana zinagwetsa mbali ina ya mlatho wacitsulo wa Walnut Street mumzinda wa Harrisburg, mlatho umene unaima kuyambira 1890. Anthu ngati 30 anafa m'madera onsewo.

Poyamba ndinaganiza kuti mvula ndiyo inasungunula cipale conseco, monga madzi asungunula mcere. Masamu anandikana. Kusungunula kilogalamu imodzi ya madzi oundana kumafuna kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu ya madzi kucokera pa madigiri 0 kufika pa 80. Tsono mvula ya madigiri 10 ili ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a kutentha kofunikako. Ndiye kuti makilogalamu 8 a mvula yotere angasungunule kilogalamu imodzi basi. Mvula inaonjeza madzi ace m'mitsinje, inde, koma nchito yaikulu yosungunula inagwiridwa ndi mphepo.

Apa mpamene ndipempha owerenga acere khutu, pakuti mfundo yace ndi yomweyi. Mumpweya wofunda muli nthunzi ya madzi imene sitiiona. Nthunziyo ikakhudza cinthu cozizira imasanduka madontho, monga muona botolo la cakumwa cozizira likutuluka thukuta pa sitolo. Posanduka madontho imasiya kutentha kwambiri pa cinthu cimene yakhudzaco: kilogalamu imodzi ya nthunzi ikhoza kusungunula makilogalamu 7 a cipale. Kukakhala bata, mpweya wa pamwamba pa cipale umazizira msanga, nchito niima. Koma mphepo ikamaomba, imacotsa mpweya wozizirawo ndi kubweretsa wina wofunda mosalekeza, usana ndi usiku, ngakhale dzuwa lisanaoneke. Cotero mphepo yomweyo imene isasula madenga ndi kuthyola mitengo ndiyonso imatsegula nkhokwe ya madzi.

Nditamvetsa zimenezi ndinacita manyazi pang'ono, cifukwa mlimi ali yense wa fodya adziwa kale za madzi osaonekawa. Kwathu sitisankha fodya masana, pakuti tsamba limafumbutuka m'manja. Timalawirira m'mamawa pamene mpweya uli ndi cinyontho, ndipo tsamba limakhala litafewa lokha, popanda dontho limodzi la mvula kulikhudza. Tsamba limamwa nthunzi, cipale naco cimalandira nthunzi. Ine ndinangosowa wondiuza kuti nkhani ziwirizi ndi zapacibale.

Catsala ndi nthaka. M'malo ambiri a kumaiko ozizira nthaka imauma gwa ndi cisanu, kotero kuti madzi salowa pansi, amangothamangira kumtsinje onse nthawi imodzi. Mtsinjewo naonso umakhala utaundana pamwamba. Madzi akakwera amaswa cophimbaco, zibenthu zace nizikaunjikana pa milatho ndi kuchinga njira ngati damu.

Ife nthaka youndana sitiidziwa, koma nthaka yokhuta madzi timaidziwa, ndipo zotsatira zace nzofanana. Dambo likadzaza mu February silimwanso madzi. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa, umene umayambira m'boma lathu lino, unasefukira kumunsi ku Nkhotakota, nudula mseu wa M5, ndipo anthu zikwi zambiri anasiya nyumba zao. Amene afuna kuyankha bwino funso la kusefukira kwa mitsinje pa mayeso asamangochula kucuruka kwa mvula. Afotokozenso madzi amene anali atasungika kale, ndi cimene cinawaletsa kulowa pansi.

Pa chuthi ndinawafotokozera atate zonsezi, pamodzi ndi masamu anga a makilogalamu. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa cinthu cimodzi cokha: ngati mlatho uja anaukonza. Ndinawauza kuti mbali ya kum'mawa anthu akuyendapobe, koma ya kumadzulo siinamangidwenso. Anapukusa mutu, nandituma kukasenda luzi lomangira denga la cigafa.