MBALAME ZA ULENDO: ZIDZIWENI NDI KULIRA KWAKE

Alimi a m'boma la Rufunsa, kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda, adziwa kuti mvula ikayandikira m'chire mumamveka mau a mbalame zimene sizinali kumveka m'nyengo ya cisanu. Mbalamezi ndi alendo, ndipo zambiri ziri abwenzi a mlimi, pakuti cakudya cao ndi tizirombo. Popeza zina zimabisala m'masamba, njira yozizindikira ndiyo kuchera khutu.

1. Namzeze wa ku Ulaya afika m'mwezi wa Okutobala, nabwerera m'Marichi kapena Epulo. Amalira motsatizana ngati anthu oceza, ali m'magulu, akuwakha inswa ndi nchenche m'mwamba. M'caka ca 1912 namzeze wobvekedwa kamphete ku England anapezeka ku Natal. Ndimo anthu anatsimikizira utali wa ulendo wake.

2. Pali ina imene Azungu amaicha Red-chested Cuckoo. Iyi siicoka mu Africa. Imalira mau atatu otsika, usana ndi usiku, kuyambira mvula iri pafupi. Imadya mbozi zaubweya zimene mbalame zambiri zimakana.

3. Willow Warbler ndi kambalame kotuwira, ka magalamu pafupifupi 9, kocokera ku Ulaya ndi ku Siberia. Nyimbo yake ndi kamluzu kofewa koyamba pamwamba nikatsika pang'onopang'ono.

4. Thrush Nightingale sioneka kawirikawiri. Ifika ca m'Disembala, nikhala m'zitsamba zowirira za m'mbali mwa mitsinje. Mau ake ndi amphamvu, osinthasintha, koposa m'mamawa.

Wofuna kuphunzira alawire dzuwa lisanatuluke, akhale cete pamalire a munda ndi chire, namvetsere mbalame imodzi kufikira ataiona. Ana a sukulu alembe tsiku limene aimva koyamba caka ciri conse. Koma musabzale cifukwa ca kulira kwa mbalame kokha. Dikirani mvula ilowe bwino m'nthaka.

Makolo, uzani anyamata kuti ulimbo ndi malegeni sizisankha. Mpheta zodya mapira zipirikitseni ndithu, koma zodya tizirombo zilekeni. Musatenthe kapena kudula zitsamba zonse za kumtsinje, pakuti ndiko kogona alendowa. Mukatola mbalame yakufa yokhala ndi kamphete kumwendo, perekani kampheteko kwa Mlangizi wa Malimidwe, ndi kuchula malo ndi tsiku.