Agogo akuuluka, kapena akuphunzitsa bawo?

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya pa wailesi madzulo ena inachokera ku Mvera, kumapiri a Dowa. Mayi wina amadandaula kuti dzuwa likangopendeka, ana ake amakhamukira kwa agogo ena okhala okha kutsidya kwa dambo, pomwe m'mudzimo anthu amanong'ona kuti agogowo amauluka usiku. Kodi awaletse?

Mlangizi wa pa wailesi, mayi wodziwa za kakulidwe ka ana, sanapite m'mbali. Anakumbutsa omvera kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo kuti manong'onong'o oterewa ndiwo anaphetsa okalamba anayi ku Neno mu 2016. Kenaka anapempha mayiwo kuti tsiku lina adzawaperekeze anawo, akakhale pamphasa, aone chomwe chimawakoka.

Mwina, anatero, akapeza bawo yokumba pansi pa mtengo wa mango: mizere inayi, maenje 32, timiyala 64. Mwana woika timiyala m'maenje kamodzikamodzi akuwerengera osadziwa, akuphunziranso kudikira mnzake ndi kugonja osalira. Agogo nawo zala zikuwongoka, mutu ukugwira ntchito, ndipo madzulo awadutsa asanaone kusungulumwa. Mdima ukagwa, wina angoti "Padangokhala", tiana tonse n'kuyankha "Tili tonse", basi nkhani ya kalulu yayamba.

Kalata yachiwiri inamuseketsa. Agogo aamuna a ku Ntchisi analemba kuti mawondo anawakana kalekale, ndiye fulaye ndi chipako aziyamba bwanji?

Palibe wawatuma kuthamanga, anayankha. Pa phada pamafunika woweruza woona amene wadyera mnzake. Pa masanje pamafunika mlendo wolawa nsima yosapsa ya m'chitini n'kuiyamikira. Galimoto ya mawaya imafuna munthu wodziwa kupinda chiwongolero.

Makomiti a sukulu za mkombaphala ndiwo anawadzudzulako pang'ono. Ambiri amakumbukira okalamba pa 1 Okutobala pokha, tsiku lawo pa dziko lonse, n'kuwakhazika kutsogolo ngati maluwa. Iye anati awaitane sabata iliyonse, awapatse mpando wokhala ndi chotsamira, pamthunzi, pafupi ndi chimbudzi, ndipo ana awiri akuluakulu azikawatenga kunyumba chifukwa njira za ku Ntchisi n'zokwera.

Nthawi inamuthera kalata yachitatu ili m'manja, ya mtsikana wofunsa ngati akazi amaloledwa kusewera bawo. Anangoti "Eya, kwambiri", nyimbo n'kulowa.