Bwalo la Galimoto: Harrier, Lexus RX ndi Anzake

Makalata achuluka sabata ino, ndiye ena ndingowadutsa mwachangu. Mayi a ku Balaka mukufunsa ngati madzi a pampopi ali bwino mu rediyeta. Sali bwino mayi, amabweretsa dzimbiri m'kati ndipo sachedwa kuwira. Gulani coolant. Ndinanena sabata yatha, ndipo ndikudziwa kuti sabata ya mawa wina adzafunsanso.

Achimwene a ku Mzuzu akuti anabetcherana ndi anzawo: kodi Harrier ndi Lexus RX ndi galimoto imodzi? Zikutengera chaka, achimwene. Ngati munati ndi imodzi ndipo mumanena zakale zija, kalandireni ndalama zanu. Ngati mumanena Harrier yomwe inatuluka mu 2013, mwaluza. Koma musachoke pa wailesipo, nkhani yanu ikulowa m'kalata yotsatirayi.

Iyi yachokera ku Ntchisi. Akuti: "Ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndalandira kangachepe. Ndikufuna galimoto yaitali, yooneka bwino, yoti ndizipitira kumunda ndi kunyamulira feteleza. Ana akuti Harrier, alamu anga akuti Benz ML kapena BMW X5. Ndigule iti?"

Aphunzitsi, mwandikanda poyabwa. Mawu oti feteleza ndi amene andiimitsa mutu.

Harrier inatuluka ku Japan kumapeto kwa 1997, ndipo mu 1998 inafika ku America ndi dzina la Lexus RX 300. Nthawi imeneyo galimoto yaitali inkatanthauza Land Cruiser, Pajero kapena Patrol: chesisi chachitsulo pansi, bodi pamwamba, ngati lole. Zolimba inde, koma zogwedeza msana ndi zomwa mafuta. A Toyota anaona kuti anthu a ndalama ku America akugula zimenezi koma sakuchoka pa tala. Ankangofuna kukhala pamwamba n'kumaona msewu bwino. Ndiye anatenga zapansi za m'banja la Camry, n'kukweza bodi, n'kuikamo mipando yofewa ndi injini ya V6 ya malita atatu yosachita phokoso. Chesisi chapadera palibe, bodi ndiye mafupa ake. Ndi imeneyi imene amati crossover. Mwamva, aphunzitsi? Ndi Camry yovala gambutsi. Sinapangidwe kuti izisenza matumba khumi a feteleza pa msewu wa kumunda m'mwezi wa Januwale.

A Mercedes-Benz anali atatulutsa kale ML mu 1997, yopangidwira ku Alabama, ndipo yoyambayo inali ndi chesisi ndithu. A BMW anabwera mu 1999 ndi X5 ya ku South Carolina, yopanda chesisi, yokonda liwiro ndi makona. Kenako aliyense analowamo: Acura MDX mu 2000, Porsche Cayenne, Volkswagen Touareg ndi Volvo XC90 mu 2002, Audi Q7 mu 2005. Ndipo mu 2005 momwemo a Benz nawo anataya chesisi pa ML yachiwiri. Njira imene RX inalambula ndi imene onse anatsata, ndipo RX inakhala galimoto yogulidwa kwambiri mwa zonse za Lexus. ML ija pano amaitcha GLE, dzina linasintha mu 2015.

Harrier yachiwiri, ya 2003, ndi imene mumaiona kwambiri m'matauni mwathumu, ya galasi lakumbuyo lotsetsereka ija. Kunja inali RX, ndipo chaka chomwecho anayamba kuipangiranso ku Cambridge, ku Canada. Mu 2005 kunabwera ya hybrid, RX 400h. Mu 2009 RX yachitatu inayamba kugulitsidwa ku Japan konko ndi dzina la Lexus, koma Harrier yakaleyo anapitiriza kuipanga mpaka 2013. Apa mpamene anasiyana, achimwene a ku Mzuzu. Harrier ya 2013 inatengera zapansi za RAV4, ndi injini ya malita awiri. RX inapita kwina, ikukula ndi kukwera mtengo, mpaka ya 2022 inasiyiratu V6 n'kutenga injini ya masilinda anayi ya turbo.

Tsono vuto lathu n'lakuti galimotoyi imatipeza itakalamba. Yayenda zaka ku Japan, yatsika sitima ku Dar es Salaam, yalowera pa Songwe, mtengo wake ukuoneka wotsika. Koma sipeya sakalamba nayo, amagulidwabe pa mtengo wa galimoto ya bwana. Mwezi wathawu pa galaja ina anandionetsa Harrier itagwada kumbuyo, bampala itatsala pang'ono kugunda pansi. Inali ya mtundu uja wa AIRS, woyendera matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Mwini wake anaikamo simenti ndi anthu asanu, thumba la mpweya n'kuphulika, pampu n'kupsa chifukwa cholira osapuma. Atamuuza mtengo anavula chipewa n'kukhala pa tayala. Mukaona batani lokwezera ndi kutsitsira galimoto, funsani kawiri musanalipire. ML ndi X5 zakale nazo ndi nkhani yomweyo, mwinanso kuposa, poti zamagetsi n'zambiri ndipo makaniko wopanda kompyuta amangolota. Ku Ntchisi mukamupeza kuti wa kompyuta ya BMW? Alamu anu adzakhalapo tsiku lolipira?

Ndipo oyilo, abale anga, oyilo! Ndimanena sabata ndi sabata. V6 ya malita atatu ija ukachedwa kusintha oyilo imachita phala lakuda m'kati, timabowo n'kutsekeka. Ilinso ndi timing belt, lamba amene amafuna kusinthidwa nthawi yake ikakwana, osadikira kuti aduke. Ma Harrier a injini ya malita 2.4 ambiri amamwa oyilo akakula, ndipo amadana ndi kutentha. Singano ikakwera, imani pomwepo, musati ndikafike kaye pa Mponela. Koma ife timagula galimoto ya mamiliyoni n'kumathiramo oyilo wa m'botolo la zakumwa wogula m'mbali mwa msewu. Kutsuka ndiye tsiku lililonse, matayala mpaka polishi, koma kutsegula boneti ayi. Ena mwafika pochotsa babu ya check engine ati ikukusowetsani mtendere.

Yankho langa, aphunzitsi: ngati feteleza ndiye nkhani yaikulu, gulani pikapu, ndipo ana angodandaula sabata imodzi basi. Ngati mtima wakakamira pa zitatuzi, tengani Harrier ya masipuling'i wamba, poti masipeya a Toyota sasowa ndipo amakaniko athu anaizolowera. Onetsetsani ngati ndi 4WD, chifukwa zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo okha. Funsaninso za msonkho musanaitanitse, umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Feteleza mukachite hayala ngolo.

Yomaliza, nthawi yatithera. Mnyamata wa ku Zomba akufunsa ngati angaike marimu aakulu pa Harrier ya bambo ake. Bambowo akudziwa? Kawafunse kaye, ukatero undilemberenso.